Nthambi Imene a Mpala Sanaifikire

Akuti a Mpala, ometa a pakona aja, akatha kumeta chitsamba chawo amachionetsa galasi kumbuyo n'kuchifunsa ngati chakhutira. Ine sindinaone ndi maso anga, koma amene anandiuza sanama tsiku lililonse.

Chitsambacho chili kuseri kwa nyumba, chotsamira mpanda. Anawapatsa ndi malemu achemwali awo chili kamtengo ngati chala, n'kuwauza kuti kuzizira kukangotha chimachita maluwa achikasu masamba asanatuluke. A Mpala akhala akudikira maluwawo mpaka imvi mbuu.

Tsiku lonse bambowa amakhala chiimire, mitu ikubwera, mitu ikupita. Madzulo, miyendo itatupa ngati mitondo, amakoka ndowa kukathirira. Manyowa athira, udzu apalira, kudandaula adandaula. Chitsamba chimangowalipira masamba. Kuzizira kukafika chimayoyola onse, n'kutsala ngati tsache lotha ntchito.

Tsono munthu wometa sangaone mutu wanyankhalala n'kupeza tulo. Chikangoyoyola, iwo sizasi m'manja, khwapu khwapu, mpaka chizungulire bwinobwino ngati mwana wopita kusukulu. Tizotupa tomera m'nthambi tonse pansi.

"Zipere izi," amatero, akupukuta sizasi.

Chaka chino akazi awo anatopa nazo.

"Bambo, chikapanda maluwa ulendo uno ndichizula. Ndikufuna poyanika zovala."

"Mayi, chipatseni mpata."

"Mpata? Ana tabereka, talera, takwatitsa, icho chikadaganizabe!"

A Mpala anati ndiye achimete mwaluso kuposa kale. Koma msana unawagwira. Anameta atakhala pampando, akubuula ngati chitseko chakale, ndipo nthambi imodzi ya kumpanda inawakanika kuifikira. Inawasowetsa mtendere nthambiyo. Ankati akaikumbukira pakati pa ntchito, kasitomala ankatuluka ndi khutu lofiira.

Kunja kutayamba kufunda, mayi aja anabwereka khasu kwa aneba n'kuzungulira kuseri. Sipanatenge nthawi, ife oyandikana nawo tinangomva kukuwa.

"Bambo! Tabwerani ndi msana wanuwo!"

Chitsamba chonse chinali gwaa, chozungulira mwaulemu, chopanda kanthu. Koma nthambi ya kumpanda ija inali chikasu chokhachokha, njuchi zikuchita kulimbirana.

"Mwaona? Pamene simunafike pokha ndi pamene pachita maluwa. Zipere zanu zija ndiye maluwawo! Zaka zonsezi mwakhala mukumeta maluwa a alamu anga asanatsegule n'komwe maso."

Anaponya khasu pansi, n'kupisa m'thumba la amuna awo, kutulutsa sizasi.

"Chitsamba chikhale. Iyi mudzaiona pokhapokha maluwa akayoyoka."

A Mpala anakhala pandowa pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anaiyang'ana nthambiyo nthawi yaitali, n'kuusa moyo wa munthu amene watunga madzi theka la moyo wake. Kenako anaona mitu yathu itandandalika pampanda.

"Ine," anatero mokweza, kuti wakumapeto yemwe amve, "sindinametepo duwa chibadwire."