Madzi Obisala mu Botolo la Buluu

Pasukulu yonse amangowaitana kuti a Sikelo. Anabwera kudzasesa mu labotale tsitsi lili bii, ndipo zaka makumi atatu zawapeza m'chipinda chomwecho, pakati pa mabotolo ndi kasikelo komwe salola munthu ngakhale kukapumira. Sukulu anailekeza panjira. Za maatomu anaphunzira atatsamira tsache, aphunzitsi akuphunzitsa ana. Kuseri kwa chitseko cha kabati analembako ndi pensulo kulemera kwa atomu iliyonse: haidirojeni 1, okosijeni 16, salifa 32, kopa 64. Akazi awo amati ngakhale shuga wa mu tiyi amamuyang'ana ngati akufuna kumuyeza.

Lachiwiri lina m'mawa, madamu atsopano a sayansi analowa ali wefuwefu. Unali mwezi wawo woyamba, ndipo ahedi anali atanena kuti masanawo akhala kumbuyo kwa kalasi kuti aone ngati angawalembe ntchito yokhazikika.

"Bambo, mundiyezere magalamu 16 a kopa salifeti, musungunule mu lita imodzi ya madzi. Masamu ndapanga kale."

A Sikelo anayang'ana pepalalo. Kopa 64, salifa 32, okosijeni anayi 64, zonse pamodzi 160, ndipo madamuwo ankafuna gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuwonkhetsako kunalibe vuto. Koma mankhwala a m'botolo lawo anali a buluu, ndipo anadziwa kuti mayankho a ana onse akaphonya ahedi akuona.

Kudzudzula mphunzitsi ndi pakamwa sanazolowere. Anangotapa mankhwala pang'ono, nathira m'kachubu kagalasi n'kukaika pamoto. Buluu uja anayamba kuyera, ndipo timadontho tinaoneka kukamwa kwa kachubuko.

"Madamu, kachubuka ndinakapukuta ndekha. Nanga thukutali likuchokera kuti?"

Madamuwo anatenga botolo nawerenga chikalata chake mpaka kumapeto, kumene kunali kadontho ndi 5H₂O. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Madzi!"

"Asanu. Aliyense 18, ndipo sikelo siiwakhululukira."

"Ndiye 90... kuphatikiza 160... 250. Pakufunika magalamu 25!"

A Sikelo anapisa dzanja kuseri kwa sikelo natulutsa kambale. Magalamu 25 anali atayezedwa kale.

"Aa, bambo inu! Bwanji osangondiuza?"

"Zouzidwa zimaiwalika pofika Lachisanu."

"Inuyo anakuphunzitsani ndani?"

"Botolo lomweli. Chaka changa chachitatu ndinaphonyetsa kalasi yonse. Aphunzitsi a nthawi imeneyo anadzandipatsanso moni Khirisimasi itadutsa."

Madamuwo anaseka mpaka kukhala pa situlu.

Masana, anayamba phunziro ndi kachubu komweko pamoto, nafunsa ana za thukuta lija. Manja anakwera. Ahedi anaiwala kuti abwera kudzayesa munthu: ananyamuka, navala magalasi, n'kudzasuzumira nawo limodzi. Mayankho a ana anagwirizana ndi a pabolodi.

A Sikelo ankatsuka machubu pamene madamu analowanso, nkhope ili ngwee.

"Ahedi akuti ndikasankhe makalasi a chaka chamawa. Mundibwerekeko pensulo."

Anatsegula kabati ija, ndipo pansi pa kopa 64 analembapo: madzi 18, osawaiwala.

A Sikelo anasuzumira zolembazo.

"Eyiti wanuyo ndi wopendekeka," anatero, n'kupitiriza kutsuka.