Tsiku Limene Ndinathira Mchere

Amuna anga anali msilikali wothamanga m'mawa uliwonse atabereka chikwama. Atawakweza n'kuwapatsa mpando mu ofesi, mimba inatuluka, ndipo adokotala a ku kampu anawapeza ndi bipi. Anatiitana tonse awiri n'kutiuza kuti mchere tiusiye, mapiritsi asamadumphitse.

Titafika kunyumba, bambowo anandikhazika pansi. "Izi zithere m'nyumba muno. Anyamata anga akamva kuti ndikudwala, andimvera bwanji?" Ndinavomera, chitsiru ine.

Patchuthi tinapita kwawo ku Chia. Mapiritsi anawasiya dala, ati amayi awo angawaone. Ine ndinkawaphikira chambo pambali, chopanda mchere. Kwathu kuno mkazi akaleka kuthira mchere m'ndiwo ndiye kuti ali kumwezi, apo ayi wayenda ndi mwamuna wina ndipo akuopa kudwalitsa mwamuna wake mdulo. Koma kumwezi sikutha masabata awiri, ndipo mapazi a amuna anga anali atayamba kutupa.

Tsiku lina masana apongozi analawa msuzi wa mwana wawo, nandifunsa pamaso pa alamu anga onse. "Apongozi, mcherewu mukuuopa chiyani? Kukampuko munkatani?"

Ndinayang'ana amuna anga kuti ayankhule. Iwo maso ali m'mbale, kuchotsa minga. Munthu wosaopa mfuti anaopa kunena kuti ndikudwala. Mtima unandiwawa, ndipo ine ndikakwiya sindiona patali. Ndinatapa mchere ndi dzanja langa, ndinauwaza m'ndiwo zawo aliyense akuona. Amuna anga anadya ndiwozo. Kuyambira tsikulo ndinkathira ngati mkazi wina aliyense, ndipo apongozi anayambanso kundiseketsa.

Lamulungu lomaliza la tchuthi, amuna anga akumanga zingwe za nsapato kuti tipite kutchalitchi, anagwa. Mbali yakumanja inaferatu, pakamwa panapindika. Atatuluka m'chipatala, ntchito anawapumitsa, ndipo tinabwerera ku Chia komweko.

Lero ndimaphika zopanda mchere, palibenso wondifunsa. Mapiritsi ndimawamwetsa ndekha, koma mkono sudzuka. Kabuku ka kuchipatala kolembedwa za bipi yawo ndinakaonetsa kwa abale onse. Yekhayo amene akanandiikira umboni satha kutulutsa mawu, amangondiyang'ana misozi ili chuchuchu.

Apongozi kabukuko anakakankhira kumbali. "Ife mapepala sitiwadziwa. Tonse tinaona: munathira mchere, mwana wanga anagwa."

Ndipo sakunama ayi.