Galu wa nkhosa m'mudzi wa zingwe

Tsiku limene amalume anabwera ndi galu uja, m'mudzi mwathu kuseri kwa Msundwe ntchito zonse zinaima. Sindikunama. Anthu anaunjikana pakhomo pathu ngati pagwa ndege. Agalu a kwathu mukuwadziwa, aja ogona paphulusa, nthiti zoti mwana wa sitandade 1 n'kuphunzirirapo kuwerenga. Uyu ayi. Ubweya wautali, wakuda ndi woyera, ndiye maso akewo! Akakuyang'ana umangoyamba kukumbukira machimo ako onse.

Amalume ankagwira ntchito pafamu ina ya nkhosa cha ku Namitete. Famuyo itagulitsidwa, nkhosa zinapita kwa ogulitsa nyama, galu wozikusa n'kutsala m'manja mwawo. Iwo anali atapeza ntchito yaulonda kutauni, nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, landilodi wake wosafuna kumva ngakhale kulira kwa mwanapiye.

"Alamu," anatero amalume kuuza ababa, "ameneyu si galu wogona ayi. Amafuna ntchito tsiku lililonse. Mukangomukhazika pansi, apenga."

"Wosowa ntchito? Ndiye mwamubweretsa malo abwino," anayankha ababa akundiloza ndi mlomo. "Tili naye kale wina pano. Azisungana."

Ankanena ine. Ndinali nditalemba mayeso a folomu 4, zotsatira zitatuluka koma dzina langa litasochera panjira, mpaka lero silinafike. Basi galu anakhala wanga, ine mtsikana wamkulu wa mabere, m'mudzi mmene galu ndi nkhani ya anyamata osaka mbewa ndi agwape.

Anafika m'chilimwe, anthu atakolola kale, mbuzi zikungoyendayenda m'minda kudya mapesi monga mwa masiku onse. Madzulo a tsiku loyamba lomwelo galu anasowa. Ine n'kumati wathawa, wabwerera ku Namitete. Posakhalitsa tinangoona fumbi kumadzulo, fumbi loti ndinaganiza kuti dziko latha. Zinali mbuzi. Za m'mudzi mwathu, za kutsidya kwa dambo, ndipo ndikulumbira panali ina yolira mwa ku Chipata. Kumbuyo kwake kuli galu wanga, mimba pansi, osauwa ngakhale kamodzi, akungothamangira uku, kuthamangira uko, kuziyang'ana ndi maso aja. Tonde wa aneba ena amene amagunda ngakhale abusa, tsiku limenelo anayenda mwaulemu ngati akupita kukalandira mgonero.

Zonse anazilowetsa pabwalo pathu. Amayi anali atayanika ufa pamkeka.

"Iwe! Iwe! Chotsa zinthu zakozi!" anakuwa amayi akuponya chipande.

"Si zanga amayi, zanga ndi galu yekhayo."

"Ufa wangawu udya ndiwe ndi mwamuna wakoyo?"

Kuyambira pamenepo amayi ankamutchula kuti mwamuna wanga. "Mwamuna wako wadya sopo." "Mwamuna wako wakumba mbatata." Koma anthu anazolowera msanga. M'malo motuma ana kukasaka mbuzi kutchire, madzulo aliyense ankangobwera kwathu kudzatenga zake. Pakhomo pathu panasanduka depoti. Amene anali ndi mtima ankabwera ndi mkute, ena mafupa. Ndipo sankakusa mbuzi zokha. Abakha ankawakusa. Ana a mkaka akamachokera ku sukulu yawo ankafika kunyumba ali pamzere. Tsiku lina anasonkhanitsa madoda anayi ochokera kokachasu n'kuwaimika pansi pa mtengo wa mango, onse phee, wina mpaka anavula chipewa.

Kumusamala kwake sikunali kwamasewera. Ubweya uja unkatola chisoso cha boma lonse la Lilongwe. Nkhupakupa ndinkachotsa zazikulu ngati mtedza, n'kumaziponya pamoto zikuphulika. Ndinkamupesa ndi chipeso changa chomwe, amayi n'kumati, "Mutu wakowo uli ngati chisa cha khwangwala, koma galu ndiye wakusaluni." Ankadya nsima ya gaga, ndipo Loweruka ndinkapita ku Msundwe kukanyengerera anyamata a kanyenya kuti andipatse mafupa. Mmodzi anandifunsira mbeta chifukwa cha mafupa omwewo. Ndinatenga mafupa okha.

Kenako mvula inagwa.

Chimanga chikangomera, mbuzi iliyonse imapita pachingwe. Zimenezo palibe amachita kukuuza, ngakhale mbuzi zimadziwa. M'mawa umaikoka, kukaimangirira pachitsa kapena pamtengo pamene pali msipu, madzulo kukaimasula. Aliyense m'mudzimo anabadwa akudziwa zimenezi, kupatula galu wanga.

Anapita kuntchito m'mawa monga mwa nthawi zonse, n'kupeza mbuzi zili patalipatali, iliyonse pachitsa chake. Anagona pamimba, kuiyang'ana ina. Mbuzi inathawa, chingwe n'kuibweza. Iye anaona ngati ndi mwano chabe, n'kuizungulira mbali inayo. Inathawanso, chingwe n'kuibwezanso. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Ndinamuitana, anabwera, koma akuyenda chotembenuka, osamvetsa kuti zamuvuta pati.

Ndinayesa kumutopetsa. M'mawa tisanapite kumunda ndinkatenga njinga ya ababa n'kupalasa mpaka kumsewu wa tala, iye akuthamanga pambali. Ndinkabwerako lilime lili pachifuwa, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Iye ankamwa madzi pang'ono n'kundiyang'ana ngati akufunsa kuti, tiyamba nthawi yanji?

Tsoka linatipeza nthawi yopalira. Tinali kumunda tonse, galu atagona pamthunzi kumapeto kwa mizere. Nditadzutsa mutu, palibe. Sindinadandaule kwambiri, ndinati wapita kukamwa madzi kudambo. Kenako tinamva mfuu.

Anali aneba athu, amayi amasiye amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Anali ndi mbuzi imodzi yokha, yaikazi, ya bere lalikulu loti aliyense ankati mutuluka awiri. Anaimangirira pakamtengo m'mphepete mwa dambo. Galu wanga anaipeza n'kuyamba ntchito. Mbuzi kuthawa mozungulira mtengo, iye pambuyo, kuzungulira, kuzungulira, chingwe chikukulungika mpaka chinathera pakhosi. Titafika tinaipeza mutu uli pamtengo, lilime kunja, yafa. Panalibe bala la dzino ngakhale limodzi. Galu anali atagona pomwepo akuilondera, ndipo atandiona anagwedeza mchira.

"Mwanawe," anatero amayi aja, osakuwanso, "taona. Taona wekha."

Ine ndinangogwira galu n'kumukokera kumbuyo kwanga.

"Pepani mayi," anatero ababa atavula chipewa. "Mbuzi imabwezedwa ndi mbuzi. Madzulo ano mubwere mudzasankhe m'khola."

Anasankha make wa mbuzi zathu zonse, ndipo palibe akanawaletsa. Amayi anga anaiperekeza ndi maso mpaka inalowa kuseri kwa nkhokwe ya eni ake atsopano. Madzulo amenewo ababa sanakweze mawu, ndipo ababa akapanda kukweza mawu ndiye kuti zinthu zavuta.

"Galuyu achoke."

"Ababa, sanailume."

"Yafa kapena siinafe?"

"Yafa, koma mlandu ndi wa chingwe."

"Ndiye tithamangitse chingwe, eti?"

Ndinagwada. Ine amene kugwada amachita kundikumbutsa ndi diso, ndinagwada mpaka mawondo kulowa m'dothi. Ndinati angodikira tikolole. Tikangokolola mbuzi zimasulidwa, galu abwerera pantchito yake, anthu ayambanso kubwera ndi mikute. Vuto ndi la dzinja lokha. Amayi anandithandiza mwa njira yawo: "Musiyeni bambo, mwina n'kuona zimenezi aphunzira kuti ukwati si masewera." Ababa anavomera, koma anati kuyambira mawa galu akhale pachingwe ngati mbuzi zinzake.

Ndinamumanga pamtengo wa mango. Chingwe cha khonje anadula mmene ndimatembenuka. Cha neti ya udzudzu chinakhalako mpaka masana. Pomaliza ababa anabwereka tcheni chomangira ngolo, cholemera kuposa galu mwini wake.

Miyezi imene ija sindiifuniranso ngakhale mdani wanga. Ankathamanga mozungulira mtengo mpaka panakumbika ngalande yoti mvula ikagwa munkasambira abakha. Anakumba dzenje lakuya, ndinkaopa kuti tsiku lina atulukira ku Mozambiki. Akamva mbuzi ikulira kutali ankalira naye, kulira kosakhala kwa galu, kongokhala ngati chitseko chopanda mafuta. Nkhuku zikadutsa ankagona pamimba n'kuziyang'ana ndi maso aja, koma nkhuku zinali zitaphunzira pothera tcheni. Zinkaima chapatali pang'ono n'kumatola zakudya mosatekeseka. Nkhuku ndi zamwano, anthu inu.

Njinga ndinkapalasabe ababa akapanda kuifuna, koma matope a Febuluwale ankaimeza mpaka tcheni. Ndinagwa kosawerengeka, siketi imodzi inathera momwemo. Gaga uja tinayamba kudya ndife eni ake, galu n'kumalandira zokokota za mumphika. Nthiti zinayamba kuoneka pansi pa ubweya, kukhala ngati agalu a kwathu. Anayamba kudzizula ubweya wa kumchira ndi mano mpaka panatsala khungu lofiira. Ndinkapakapo mafuta akuda a njinga, iye n'kunyambita. Ndinkakhala naye pansi pa mango n'kumamuuza kuti, "Pirira aise, taona chimanga chayamba ngayaye. Taona chayamba kuuma." Kaya ankamva, kaya ankangondiona ngati wamisala mnzake.

Tinadula chimanga, kuimika mikukwe, kukolola, kututa. Mtedza tinakumba. Ine ndinagwira ntchito chaka chimenecho kuposa ng'ombe ziwiri, mpaka amayi anandigwira pachipumi kuona ngati ndikudwala. Ndinkangofuna minda iyere.

Minda itayera kunagwa maliro kumudzi wa kutsidya, agogo ena amene sindinkawadziwa n'komwe. Tinapita tonse. Mwambo uli mkati, nthawi ya zolengeza, anaimirira bambo wina wa gulu la alimi a kudimba. Chaka chimenecho anthu ambiri anali atapeza mapampu a sola, ndipo dambo lonse linali litagawidwa, tomato, anyezi, chimanga cha mthirira, mpaka kumtunda kumene kale kunkadya ziweto. Anati midzi yonse yozungulira dambo yagwirizana kuti mbuzi zisamasulidwenso. Dzinja, chilimwe, chaka chonse pachingwe. Yopezeka m'dimba la munthu, mwini dimba aiphe pomwepo. Azibambo anang'ung'udza movomereza. Ababa anga, amene nawonso anali atalima kadimba ka tomato, anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinalira pamaliro amenewo kuposa ana a malemu. Ndinalira mpaka amayi ena anandigwira mapewa n'kumati, "Mwanayu ankawakonda agogowa, eti?" Amayi anga anandiyang'ana, koma ulendo uno sananene za mwamuna wanga.

Pobwerera ndinayesabe. Ndinati timupereke kwa a ng'ombe. Ababa anati anafunsa kale, anyamata abusa akana, akuti galu wothamangira kumiyendo ya ng'ombe amuswa ndi chikwapu tsiku loyamba. Ndinati kwa ogula mbuzi a pamsika. Ababa anaseka pang'ono, chifukwa amenewo mbuzi zawo amanyamula panjinga zitamangidwa miyendo yonse inayi. Ndinati ndiimbira foni amalume. Ndinaimbadi, iwo anangoti, "Mphwanga, ine ndingamuike m'thumba?"

Amene anavomera anali bambo wina wa chigayo ku Kabudula, wofuna galu wolondera.

"Ababa, ameneyu sauwa. Akuba akabwera angowasonkhanitsa pamodzi n'kuwaperekeza."

"Mwini chigayo wamva kuti ndi galu wachizungu. Zinazo akaziona yekha."

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Ine ndinamupesa komaliza, kuchotsa chisoso chonse, kubisa mchira wothothoka uja ndi ubweya wa pambali kuti asakamunyoze. Ndinkayembekeza kuti akana, akoka chingwe, andiyang'ana mondidandaulira, kuti mwina ababa amve chisoni. Koma atangoona njinga ikutuluka m'nyumba analumpha ndi chimwemwe. Ababa atakwera, iye anali kale patsogolo akukoka, makutu m'mwamba, mpaka njinga kutsala pang'ono kugwa. Sanacheuke. Ndinaima pamsewu kufikira fumbi lawo litatha.

Ababa anabwerako dzuwa litapendeka, ali mbuu, n'kukhala pakhonde kupempha madzi. Ndinawapatsa chogwada, n'kukhala pomwepo osachoka.

"Wafika bwino," anatero. "Amumanga kuseri kwa chigayo. Pali mthunzi. Gaga ndiye sasowa."

"Kuli mbuzi?"

"Kuli mpanda wa njerwa."

"Nanga tcheni chake n'chachitali bwanji?"

Ababa anaika kapu pansi. Anatambasula manja onse awiri, n'kuyang'ana dzanja ili, kuyang'ana linalo. Kenako anawabweza pang'ono.