Thuza pamkono wa mwana wanga woyamba

Ndinali ndi mwana mmodzi yekha pamene wakatemera anafika ku Thuchila. Tinali titangowoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi, Chinyanja changa chidakali chosakanikirana ndi Chilomwe. Nthomba ndinkaidziwa, inatenga alongo anga awiri kwathuko. Koma zoti munthu wa Boma n'kutemera khanda losadwala ndinali ndisanazionepo.

Anamukanda mwanayo pamkono ndi kampeni n'kupakapo timadzi. Patapita masiku panatuluka thuza, thupi n'kutentha ngati mwala wa padzuwa. Amuna anga pobwera ku thangata anamugwira pamphumi nati, "Amulowetsa matenda. Tsuka pamenepo, upakepo phulusa."

Phulusalo ndinali nditatapa kale pamene anatulukira mayi ena Achiyawo, akazi a wogulitsa mchere, amene ndinkakumana nawo kumadzi. Nkhope yawo inali ya zipsera za nthomba, diso limodzi loyera.

"Akuyamwa?" anandifunsa.

"Akuyamwa, koma akuvuta."

"Akukodza?"

"Taonani nsalu yangayi."

Anaseka. "Ndiye tayani phulusalo. Ana anga aakulu anawatemera ku Zomba, anatentha chomwechi, kenako n'kuzizira. Mwana akakana bere, kapena kulefuka osadzuka, kapena kuyamba kugwedezeka, pamenepo tithamangira limodzi kumishoni. Koma uyu akukumenyani mateche."

Sanangolankhula n'kupita. Anakhala pakhonde panga, wawo wakhanda ali kumbuyo, akumupukuta wangayo ndi kansalu konyowa. Ankamugwira kadzanja kuti asakande thuzalo. Atawona kuti sindinasinje, anatenga munsi. Mmawa wina ndinapeza mwana akuseweretsa mikanda yanga, thupi lili bwinobwino.

Wakatemera uja anabweranso, koma mankhwala anali atamuthera. Anati atenga timadzi ta m'thuza la mwana wanga kuti atemere ena, poti linapsa bwino. Amayi ambiri, atamva za kutentha kuja, anali atakabisa ana m'minda ya nandolo. Pabwalo tinatsala ife ndi nkhuku.

Mayi Achiyawo aja anatsitsa mwana wawo, anakhala pafupi nane, n'kutambasula kamkono kake.

"Yambani uyu," anatero mokweza kuti a m'nandolo amve. "Ine nthomba inandidya diso. Kutentha kwa masiku ochepa sikungandiopse."

Obisala aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Ena sanatuluke, ndipo mayiwo sanawanene. Mzere utakula, wakatemera anayamba kufinya thuzalo mwamphamvu, mwana wanga akulira mpaka mawu kusasa. Ine ndinkaopa kulankhula ndi munthu wa Boma. Mayi aja anangomugwira dzanja wakatemerayo.

"Basi, bambo. Mwana uyu si ng'ombe yokama. Otsalawo mudzatengere kwa wanga thuza lake likapsa."

Bamboyo anawayang'ana, kenako anapukuta kampeni kake.

Mvula itagwa mayi aja anasamukira cha ku Limbuli ndi amuna awo, kotsatira malonda. Sindinakumane nawonso.