Tizipewa ta Waya wa Alamu

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, sankachotsa pulasitiki pa chinthu chatsopano. Njinga yawo inatha matayala katatu chishalo chikadali m'jumbo. Wailesi yawo inkayimba ngati munthu womangidwa m'thumba la feteleza. Atakwatira, ife a kwa Likoswe tinkazonda ngati mkwatibwi amusiya m'velo mpaka nthawi yokolola. Ndikulumbira, ndinalipo.

Chaka china anabwera kuchokera ku Joni atanyamula kompyuta ndi timabokosi tiwiri tachitsulo. M'kompyutamo munali mawu a mlongo wawo, chitsiriza cha apongozi anga, amene anali atatha zaka zisanu ku Joniko osabwera. Makalata ankalemba, koma apongozi ankati kalata yowerenga ine imamveka ngati ine. Ankafuna mawu a mwana wawo. Alamu anali ndi m'mawa umodzi wokha: masana akwere minibasi ya ku Limbe, akapeze basi yobwerera kuntchito.

Magetsi tinakapempha m'golosale ya mnzanga pa Nguludi. Apongozi anayenda wapansi, atavala chitenje cha ku tchalitchi, nakhala pa kireti ya zakumwa. Ine anandiitana chifukwa ndinakonzapo wailesi poimenya mbama.

Sipika za kompyutayo zinali zitapsa ndi dzuwa la ku Tete, komwe nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Ndiye alamu anafotokoza njira ya mawu. Amachoka m'kompyuta ali manambala, nkulowa m'kabokosi koyamba. Kameneko kamawapatsira kachiwiri, kamene kamasandutsa manambalawo kukhala mawu, kenako ampu yokweza mawu ya m'golosalemo, kenako sipika yake.

"Ndiye mwana wanga ali manambala?" anafunsa apongozi.

"Kwa kanthawi chabe, amayi."

"Masamu analephera ameneyo."

Pakati pa timabokosi tiwirito pankayenera kudutsa waya woonda, wakuda, amene alamu anagula tsiku lonyamuka. Wayayo sankalowa. Tikamukankha m'kabowo, ankatuluka yekha. Tinamumanga ndi mphira ya chubu. Zii. Tinazimitsa nkuyatsanso. Zii. Mwini golosale anazimitsa firiji kuti magetsi onse apite kwa mwanayo. Wina anati timabokosito tiyang'anizane, popeza anthu opatsana msana sagwirizana. Tinatiyang'anizitsa. Anthu anadzaza pakhomo mpaka odwala ena ochokera kuchipatala anaiwala kutsimphina.

Apongozi ankangoyang'ana sipika, manja ali pamiyendo.

Nditasuzumira kumbuyo kwa kabokosi koyamba ndinaona kuwala kofiira m'kabowo. Alamu anati mawuwo amayenda m'kuwalako. Ndinagwira nsonga ya waya ija, ndipo ndinapeza kuti yavala kachipewa kapulasitiki, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Nsonga inayonso chimodzimodzi.

"Alamu, tivule tizipewati."

"Musayerekeze. Timeneto n'ta kufakitale."

"Kuwala kudutsa bwanji nanga?"

"Azungu anaikapo ali ndi nzeru zawo. Mukachotsa, waya akhala wakale."

"Waya watsopano wosalankhula ndi wantchito yanji?"

"Inu mumakonza zinthu ndi mbama. Musandiphunzitse."

Anthu anagawikana. Osachotsa pulasitiki pa mipando yawo anaima kumbali ya alamu, ndipo anali ambiri. Telala wa pakhonde anati angaboole tizipewato ndi singano, kuti kuwala kudutse koma waya akhalebe watsopano. Alamu anaganiza, nkukana: chobooka si chatsopano. Dzuwa linali litafika pamutu.

"Tandipatsa kuno," anatero apongozi.

"Amayi, simukudziwa zimenezi."

"Iwe unabadwa uli m'kathumba. Tinachotsa. Patsa."

Apongozi anali ndi mano anayi, koma okumana bwino. Analuma kachipewa koyamba, nalavulira m'manja, kenako kachiwiri. Anamanga tonse tiwiri pa nsonga ya chitenje, nati alamu adzatitenge akadzakula. Ndinalowetsa wayayo, anangoti the! Alamu anadina batani akuyang'ana kudenga.

"Amayi, muli bwanji kumeneko?" anamveka mawu a mwanayo m'sipika.

Apongozi anadzuka pakireti, nagwada pang'ono. "Ndili bwino, mwanawe, kaya iwe?"

Koma mawuwo anali atapitirira kale, akufunsa za mwendo wawo, za mbuzi, za nandolo wa kumunda wakumtunda. Apongozi ankayankha chilichonse, akuthamangira m'mbuyo mwake. Mwendo uli choncho. Mbuzi inaswa awiri. Nandolo anadya anyani. Pomwe ankafika pa anyani, mwanayo anali akutsanzika.

"Sanasinthe ameneyu," anatero akupukuta m'maso. "Sadikira munthu amalize. Mubwezereni."

Tinabwezera. Ulendo wachiwiri anafupikitsa mayankho. Wachisanu anali atadziwa pamene mwanayo amapumira, ndipo ankalowetsa mawu awo pamipatapo, moti wodutsa panja akanalumbira kuti m'golosalemo muli anthu awiri akucheza.

Minibasi inaima panja ikuliza hutala. Alamu anatambasula dzanja kuti azule waya. Apongozi ananyamula kabokosi kachiwiri, nakaika pamiyendo, nakafunditsa chitenje.

"Amayi, basi indisiya."

"Sindinamuuze za denga."

Minibasi inapita. Alamu anakhala pansi pa thumba la shuga, nadinanso batani.