Ku Mwazisi Kukakonza Pulazima ya Apongozi

Ndinanyamuka pa Rumphi boma Loweruka m'mawa, mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. M'chikwama ndinaikamo masikuludiraiva, kamita koyezera magetsi, fulashi ndi timizere ta magetsi tija timawalitsa galasi la pulazima kuchokera kumbuyo. Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhalitsa pa boma pano, ndili ndi kashopu kokonzera ma TV ndi mawailesi. Mkazi wanga Temwa ndi wa ku Mwazisi, ndipo ndinkapita kwa bambo ake, a Mhango, omwe kale anali mphunzitsi wamkulu.

Pulazima yawoyo tinawagulira ndife, apongozi aakazi atamwalira, kuti m'nyumba musamangokhala zii. Mvula ili mkati anayamba kundiimbira foni kuti chithunzi chikuda m'mbali, pakuoneka pakati pokha. Vuto lotere limandipeza pashopu pafupifupi sabata iliyonse: timagetsi ta kumbuyo tikayamba kupsa, m'makona ndi momwe mumayamba kuda. Ndinkawauza kuti atenge rimoti, atsegule menyu, akweze kuwala, ndipo ndidzabwera msewu ukauma. Ankakweza n'kuthokoza, pakapita masabata n'kuimbanso. Msewu unauma, alimi anagulitsa fodya, aliyense anagula TV yoti ndikamupachikire pakhoma, ndipo lonjezo langa linafika Okutobala.

Padepoti ndinakwera siyenta yopita ku Bolero pa K4,000. Tinapanikizana anayi pampando wa anthu atatu, ndipo dalaivala anakhala mopendekera chifukwa mpando wake anagawana ndi mayi wina wa thumba la usipa. Amene ndinagundana naye mapewa anali mlimi wa fodya wa chipewa chachikopa. Atamva ntchito yanga anasangalala ngati wapeza dokotala paukwati. Anati TV yake imanenepetsa anthu, osewera mpira onse ndi afupiafupi, otambalala, ngakhale mpirawo uli ngati dzira. Ndinamuuza kuti chithunzi chinakokedwa m'mbali, pa rimoti pali batani lochibwezera. Anati iye ankangoganiza kuti anyamata akunjawo amadya bwino. Galimoto yonse inaseka, ine ndinadzimva kuti ndine katswiri.

Pa Bolero tinafika dzuwa lisanafike pamutu. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya chothira tsabola, ndikudikira lole yomwe aliyense ankati ili pafupi. Nditatopa ndi "pafupi" ameneyo ndinagwirizana ndi wa njinga yamoto pa K9,000. Anali bambo wa imvi zoyamba kumene, ndipo nditatchula a Mhango anatsitsako mtengo yekha, ati anamuphunzitsa masamu.

Kuchoka pamenepo ulendo unali wa fumbi. Chigwa cha Nkhamanga chinali chitauma gwa, minda itapserera, kobiriwira kunali ku madambo kokha kumene anthu ankathirira nazale za fodya. Kudzanja lamanja mapiri a Nyika ankaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa lupsa. Galimoto ikatipitirira tinkaima kaye, kutseka pakamwa, kudikira kuti msewu uonekenso. Pa kuima kwina kotere, wa njingayo anandiuza kuti ahedi asintha masiku ano. Njinga yawo yakapalasa anaisiya. Munthu ukawakwezera dzanja uli m'mbali mwa msewu amangodutsa, ndipo ena kutchalitchi ayamba kunena kuti chiwagulireni pulazima ana awo, akudzimva. Ndinaseka n'kunena kuti ukalamba uli ndi zake. Tinapitiriza.

Pakhomo anandilandira mlamu wanga Wezi, chitsirizira wa m'banjamo, amene amakhala ndi bambo akewo. Anandipatsa madzi kuti ndisukusule, chifukwa nkhope yanga inali itafiira ngati njerwa. Apongozi anali pampando wawo pabalaza, atavala malaya oyera ndi tayi ngakhale kunali kotentha chotero. Ndinagwada chapambali pawo n'kupereka moni. Anatembenuza mutu wonse mondifunafuna asanatambasule dzanja, kenako anandilonjera m'chinenero chakwawo monga mkamwini wawo.

"Akweni, mwafika. Yewo chomene. Wodwala wanu ndi uyo ali pakhomayo."

Wezi anayatsa inveta ya magetsi a sola, TV inayaka, ndipo ndinachita kutsinzina. Kuwala kunali pa mapeto, mitundu pa mapeto, chilichonse chokwezeka chinakwezedwa. Wowerenga nkhani nkhope yake inali ngati papaya lakupsa, malaya ake ankathobwa m'maso, udzu unali wobiriwira ngati penti. Zonsezo anachita motsatira malangizo anga a pafoni.

Ndinayamba ndi kubwezera zonse momwe zinalili pochoka kufakitale. Kenako ndinalowetsa fulashi yanga, momwe ndimasungamo zithunzi zoyezera. Choyamba ndi choyera chokhachokha: timagetsi tikapsa, mabala akuda amaonekera pompo. Galasi lonse linayera mofanana, kona ndi kona. Ndinaika chotuwa, chimodzimodzi. Ndinaika cha mizere ya mitundu, n'kutsitsa kuwala mpaka chakuda chikhale chakuda koma makwinya a jekete aoneke, n'kuchepetsa kufiira mpaka khungu la munthu likhale la munthu. Ndinatseka katani ya zenera lomwe linkaponya dzuwa pagalasi. Kunena zoona, sindinayambe ndakonzapo chithunzi chokongola ngati chimenecho, ndipo timizere tanga ta magetsi sitinatuluke n'komwe m'chikwama.

Ndinawauza kuti aone tsopano. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati mwaulemu ndithu kuti mwina ndiyesenso, chifukwa tsopano ngakhale pakati pazilala.

Anapempha Wezi kuti aike kanema amene amaonera masana aliwonse. Anali wa kwaya ya amayi a kutchalitchi kwawo, wojambulidwa pafoni pa tsiku la zokolola. Malemu apongozi aakazi, omwe iwo ankawatcha Nyamsiska, anaima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, akuimba akugwedeza mapewa.

"Onani," anatero apongozi, akuloza. "Ndikayang'ana Nyamsiska, anzake onse athawa. Ndikayang'ana woimbitsa pakatipo, Nyamsiska palibe. Mdimawu umayendayenda. Ndinakuuzani pafoni paja."

Anandiuzadi. Ndinakumbukira kuti tsiku limenelo ndinali pamakwerero kwa kasitomala, ndipo ndinangoti nanga mdima n'kuyenda, akweze kuwala basi. Mdima wa TV suyenda. Pomwe papsa papsa.

Nthawi yomweyo Wezi analowa ndi tiyi ndi chinangwa chophika. Anaima kumanja kwa bambo ake atatambasula kapu, pafupi moti nthunzi inkawafika patsaya. Iwo maso ali pa TV, osadziwa kuti pali munthu, mpaka Wezi anati "adada" n'kuwagwira dzanja, kuwayika kapu m'manja. Anachita zimenezi mozolowera, ngati ndi momwe tiyi amaperekedwera kulikonse.

Ndinamutsatira kukhitchini n'kumufunsa ngati iye amauona mdima wa pa TV. Anati ayi, chithunzi chinalibe vuto kufikira pomwe tinayamba kuchikweza, ndipo kuyambira pamenepo iye amangomvera mawu chifukwa mutu umamupweteka. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anandiyang'ana modabwa, nati adada ankati yawonongeka, ine wodziwa ntchito ndinkavomereza, ndiye iye akanatsutsa ndani? Anawonjeza kuti adada akhala akugunda mafelemu a zitseko, ndipo pamasitepe a kutchalitchi anagwapo, koma anamuletsa kuuza Temwa. Miyezi yonseyo ndinkalankhula ndi nyumba imeneyi, sindinapemphepo kuti foni apatse Wezi.

Nditabwerera pabalaza ndinakokera mpando wawo kumbuyo mpaka unagunda kabati, kuti galasi lichepe m'maso mwawo. Ndinakwezanso kuwala pang'ono, kuwononga dala ntchito yanga. Nkhope yawo inamasuka. Anati tsopano akuona amayi asanu pamodzi, ndipo anayamba kuwatchula maina. Ndikanatha kusiyira pomwepo, kulandira mayamiko n'kubwerera. Ndinadikira nyimbo ithe, ndinagwada patsogolo pawo penipeni, n'kuwapempha kuti ayang'ane mphuno yanga. Ndinakweza dzanja chapambali, n'kufunsa zala zomwe ndatambasula. Anayamba kutembenuza mutu kufunafuna dzanjalo.

"Adada, TV ilibe vuto. Ndikuganiza kuti ndi maso."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, akufufuza tebulo ndi chala. Sanakwiye. Anati maganizo amenewo anawafikirapo, koma mtima unkakhala pansi akamva ine ndikunena motsimikiza kuti ndi timagetsi ta kumbuyo, poti timagetsi amasintha. Sananene mondidzudzula, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri. Anavomera kuti tipitire limodzi ku boma, koma tidikire mapemphero a Lamulungu adutse chifukwa anali ndi gawo lowerenga mawu.

Kutchalitchi ndinawaona akuwerenga mutu ukuyenda ndi mzere, chala chili pansi pa liwu lililonse, ndipo sanaphonye. Potuluka ndinayenda nawo pafupi, ndipo aliyense wotikwezera dzanja ndinkawanong'oneza mbali yomwe ali. Anabweza moni kwa onse.

Lolemba m'mawa tinapeza lole ya matani atatu yopita ku boma itanyamula matumba a mtedza. Dalaivala anatsitsa mnzake kutsogolo kuti ahedi akhale bwino, ndipo ndalama yawo anaikana. Ine ndinakwera pamwamba pa matumba pa K6,000, chikwama cha zida chili pamiyendo. Pa Bolero ndinatsika kukawagulira nthochi. Ndinawapeza atatulutsa mutu pawindo, akuuyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumsika mpaka kumapiri, n'kubwereranso. Anati akhala akudutsa pano moyo wawo wonse, koma sanayambe apayang'anitsitsa.

Temwa anatidikira pachipata cha chipatala. Ndinali nditamuuza zonse pafoni, ndipo titafika anangogwira mkono wa bambo ake. Dokotala wa maso anali mayi wodekha. Anawayeza nthawi yaitali, kuwathira mankhwala, kuwaunika, kenako anatiitana tonse. Anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndi nthenda imene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha, ndipo imadya kuona kuyambira m'mbali, mosapweteka. Mankhwala odontheza angathe kuteteza komwe kwatsala, koma komwe kwapita sikubwerera. Diso lamanja linali litatsala pang'ono kutheratu.

Ntchito yanga inandizoloweretsa kumva dandaulo la munthu n'kuthamangira kutsegula chitsulo, osayang'ana mwini dandauloyo. Ulendo wa ku Mwazisi ndi wa theka la tsiku, ngakhale nthawi ya matope anthu amafika. Ndinkaganiza zimenezi pamene dokotala anafunsa kuti bambowa anayamba liti kudandaula. Temwa sankadziwa. Apongozi anati masiku amawasokonekera. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkaimbiridwa.

"Chimanga chisanamasule," ndinatero.

Dokotala anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana panja pomwe anthu anali atayamba kale kugalauza minda ya chaka china. Anatenga kabotolo ka mankhwala n'kuyamba kuonetsa Temwa kadonthezedwe kake.