Kukafunsa Zimene Ndinapuma M'nyumba ya Nthochi

Kalata yoyamba yodandaula ndinailemba Lolemba lotsatira Idi yaing'ono chaka chatha. Yachiwiri inapita patatha miyezi iwiri, yachitatu chisanu chitangoyamba. Makope ake ndili nawo, ndi malisiti a ku positi omwe. Funso langa ndi limodzi: pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndinkatsegula makontena a nthochi m'nyumba yopsetsera zipatso, mankhwala aja onunkha ngati adyo wowola anali chiyani? Akufunsa ndi dokotala wanga wa m'chifuwa, ndipo Lachisanu lino akandiuza zimene waona pa chithunzi cha mapapo anga. Kampani inayankha kamodzi, mizere itatu: imene inandilemba ntchito ndi ina, inatha kalekale, iwo sakuidziwa.

Lachiwiri lapitali ndinapita ndekha ku ofesi yawo.

Ndinatuluka m'nyumba ku Hamilton 7 koloko isanakwane, fayelo m'khwapa, kampope kanga kothandiza kupuma m'thumba la jekete. Basi inandisiya pa siteshoni. Sitima ya ku Toronto inandidula madola asanu ndi limodzi ndi masenti angapo, mtengo wa okalamba. Sitimayi ndi yosanjikizana, ndipo kale ndinkakwera pamwamba. Tsikuli ndinayang'ana masitepe, ndinakhala pansi.

Titadutsa Burlington ndinatsegula fayelo. Mbiri ya kampaniyi ili m'mapepala anga a malipiro. Oyambirira ali ndi chizindikiro cha nangula. Kenaka inaphatikizana ndi ina, pakona pa pepala panabwera nyenyezi zitatu. Kwa ine chitseko cha kuntchito chinali chomwecho, nambala 6, kapitawo yemweyo, fungo lomwelo. Nditapuma pantchito anaigula a chizindikiro cha tsamba, amene lero sakundidziwawa.

Pa Oakville chifuwa chinandigwira. Ndinatsokomola mpaka mayi amene anakhala nane anasamuka. Maganizo anapita kwa a Phiri a ku Chipata, mnzanga wa pa chitseko 6, amene tinawaika m'manda chaka chapitacho atakhala miyezi akupumira m'kapaipi. Iwonso zinayamba chonchi. Ndinagwira fayelo zolimba. Ndikagwera muno, ndinadzifunsa, mapepalawa awatola ndani?

Foni inalira. Anali mwana wanga Asiyatu.

"Ababa, muli kuti? Ndakuimbirani kunyumba katatu."

"Ndili mu sitima."

"Nokha? Ndinati ndikudalaivani Loweruka!"

"Loweruka maofesi satsegula. Ndipo Lachisanu limabwera Loweruka lisanafike."

Kenaka anati, "Kampope mwatenga?"

Pa siteshoni ya Union ku Toronto ndinafika 9 koloko itadutsa. Anthu a kumeneko amayenda ngati kumbuyo kwawo kukupsa. Ine ndinatsata khoma, ndikuima paliponse pamene pali chogwira. Ndinagula tiyi wa madola awiri ndi theka, wopanda kukoma, kuti ndipeze chifukwa chokhalira pansi. Sitima ya pansi pa nthaka yopita ku North York sinandidule kanthu chifukwa khadi yanga yolipirira inaona kuti ndachokera pa sitima ina. Makina amakumbukira kumene ndinali ola lapitalo. Kampani yaiwala zaka khumi ndi zinayi.

M'sitimamo mayi wina wovala yunifomu ya osamalira odwala anandisiyira mpando. Ataona dzina pa fayelo anamwetulira.

"Agogo, ndinu akumudzi? Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu mayi."

"Mpweya wanuwu sukundisangalatsa. Mwaonana ndi dokotala?"

"Lachisanu."

"Ndiye lero mukuthamangira kuti ndi mapepala ngati loya?"

Nditawauza anapukusa mutu. "Anthu amenewo musawapatse pepala lenileni. Apatseni kope, ndipo adinde lanulo." Ndinawauza kuti zimenezo ndinayamba iwo asanabadwe. Anaseka, anatsika pa Eglinton.

Ofesi ya kampani ili m'nyumba yagalasi, mtunda wa mphindi zisanu kuchokera pa siteshoni. Ine ndinayenda mphindi makumi awiri. Mtsikana wa polandirira alendo anafunsa ngati ndinapangana ndi munthu. Ndinati ndinapangana nawo katatu, pa positi. Anati ndidikire, pa mbale pali nthochi zaulere. Sindinatenge.

Ndikudikira ndinaona khoma. Lonse ndi zithunzi za mbiri yawo: zombo zoyera, njanji zodutsa m'minda ya kumaiko otentha, amuna osenza mikoko ya nthochi paphewa. Azungu a zipewa ali ndi maina pansi pawo, osenzawo alibe. Kutsogolo kwake nangula uja, nyenyezi zitatu zija, ndi tsamba, zolumikizidwa ndi mzere wagolide. Pamwamba analemba kuti ndi banja limodzi kuyambira pachiyambi.

Pansi pa nyenyezi panali chithunzi cha nyumba yathu yopsetsera zipatso. Chitseko 6. A Phiri akukoka chitseko cha kontena, atamanga mpango kukamwa, poti zotchinga mphuno sankatipatsa. M'mphepete mukuoneka phewa ndi theka la chipewa. Chipewacho chili kwanga mpaka lero.

Ndinapopa kampope kawiri.

Itakwana 11 koloko kunatsika bambo wa tayi. Ananena mwaulemu kuti nkhani za makampani akale sizili m'manja mwawo, ndilembe imelo. Ndinamupempha kuti tiyende pang'ono. Ndinatulutsa kalata yawo ya mizere itatu, ndi kuigunditsa pakhoma pambali pa a Phiri.

"Bambo, uyu ndi mnzanga, anamwalira. Phewa ili ndi langa. Chithunzi munachisunga. Fayelo imene munachipezamo ili kuti?"

Anawerenga kalata, anayang'ana mpango uja nthawi yaitali. Analandira kope la kalata yanga yachinayi, ndipo langa anadinda 11:20.

Pobwerera ndinagona mpaka Aldershot, pamene ndinakwerera m'mawa. Asiyatu anali pa siteshoni, nkhope ili gwa, jekete lina m'manja. Ndaona kuti kampani imasunga zakale zimene zimakoma pakhoma, zotsalazo amasunga ndi mapapo athu.

Choncho, kwa akuluakulu a kampani ya chizindikiro cha tsamba: popeza khoma lanu lavomera kuti nangula ndi nyenyezi ndi inu nomwe, ndikupempha mwaulemu kuti mundilembere dzina la mankhwala amene ankathira m'makontena a pa chitseko 6, ndipo kope lipite kwa mkazi wa malemu a Phiri. Dokotala ndikaonana naye Lachisanu, 10 koloko m'mawa. Yankho lifike nthawiyo isanakwane.